Khala Limene Silinapite Kumanda

Linali Lachinayi m'mwezi wa Julayi, nthawi ija ya chitaganya, pamene tinaika m'manda amayi anga aang'ono, a Donata. Ndinadzuka tambala wachiwiri atangolira, kunja kudakali mdima, chifukwa mwana anayamba kufunafuna bere. Ndinali m'chikuta. Mwanayo anali asanatulukeko panja, analibe ndi dzina lomwe. Pomusintha kansalu ndinamva kanthu kouma kakugwera pamphasa. Ndinakafufuza ndi dzanja n'kupeza kuti ndi mchombo. Ndinasonkhezera moto kuti ndione bwino. Pamimba pa mwana panali pouma, popanda mafinya, popanda fungo. Ndinaimirira kuti ndikawauze a Donata. Pamenepo m'pamene ndinamvanso nyimbo za kusiwa, ndipo ndinakhala pansi.

Ine sindine munthu wolankhula pagulu. Sukulu ndinalekezera Sitandade Wani, ndipo alendo akabwera ndimathawira kukhitchini. Koma za tsiku limeneli ndalemba ndekha, pang'onopang'ono, chifukwa ena akuzinena mokhota.

A Donata anali namwino pachipatala cha mishoni. Amayi anga ondibala atamwalira, iwo ndi amene ankandigulira sopo ndi nsalu. Anakwatiwapo kamodzi, koma mwana sanaoneke, ndipo mwamunayo anapita ku Halale n'kukakwatira wina. Iwo sanakwatiwenso. Chifuwa chachikulu chitawafooketsa anabwerera kumudzi kwathu, kumpoto kwa Msundwe, kudzagona m'kanyumba kawo kuseri kwa nkhokwe zathu.

Mwana wanga woyamba anali wamwamuna. Anayamwa bwino masiku oyamba, kenaka nsagwada zinauma, msana unapindika, ndipo sabata isanathe tinakamutaya kudambo. Akuluakulu anati ndi tsempho. Anati amuna anga anayenda ndi mkazi wina ine ndili m'chikuta. Iwo ndi mkamwini m'mudzi muno, analibe wowayankhulira, ndipo katundu wawo anali atamangidwa kale. A Donata anafika panjinga tsiku lotsatira. Anandifunsa zinthu ziwiri zokha: mchombo anadulira chiyani, ndipo anapakapo chiyani. Ndinawauza kuti anadulira kansungwi, napakapo mwaye wosakaniza ndi ndowe. Anapita pabwalo n'kunena pamaso pa onse kuti mwanayo sanatsemphedwe, chomupha chinalowera pamchombo, dzina lake ndi kafumbata. Amuna anga anamasula katundu. Koma amene anadula mchombowo anali amayi aakulu, mkulu wawo wa a Donata, mzamba wa mudzi wathu. Kuyambira tsiku limenelo awiriwo ankangopatsana moni wa pakamwa.

Mafunso awiri aja sanafunse ine ndekha. Zaka zambiri anayenda nawo panjinga ku Nsaru, ku Kabudula, ku Mpingu mpaka ku Nambuma, kulowa nyumba iliyonse imene munamwalira khanda, ndiponso imene khanda linakula. Anthu anawapatsa dzina lachipongwe loti Namichombo. Ena ankawatsekera chitseko. Zimene anapezazo anazilemba m'Chingerezi pamodzi ndi dokotala wa kumishoni, ndipo zinakasindikizidwa kunja. Anandionetsa mapepalawo, koma ine ndinatha kuwerenga dzina lawo lokha. Pambuyo pake analemba kabuku ka m'chinenero chathu kophunzitsira anamwino ndi azamba. Kameneko ndinakawerenga konse, chala chili pamzere. Mawu ake ndi ochepa: samba m'manja, wiritsa lezala, wiritsa ulusi, pamchombo usapakepo kanthu. Mwana wachiwiriyu, wamkazi, pobadwa, iwo anali atalephera kale kuimirira. Anachita kuwanyamula, nakhala patali pakhomo, kansalu kali kukamwa, akuyang'anira mpaka madzi atawira.

Usiku wa maliro ndinaumvera kukhoma. Akhristu ankaimba za kutchalitchi, akatopa ankalandira amayi a m'mudzi ndi kulira kwawo. Amuna anali pamoto pabwalo, ndinkamva kutsokomola ndi nkhuni zikuthetheka. Kunkazizira kwambiri, mphepo ya mwera ikulowa m'ming'alu ya chitseko.

Kutayamba kuyera, amayi ophika anabwera kudzaika mafuwa kuseri kwa nyumba yanga, pobisalira mphepo. Ndinamva akuwaza nkhuni, akutsuka nyemba, akukangana za mtsuko wa wina umene unasweka pachitsime. Utsi unadzaza m'nyumba. Kenaka mmodzi anatsitsa mawu, koma khoma lathu ndi lopyapyala.

"Kodi khala lija atenga kale?"

"Atola okha amayi aakulu. La muwanga, losafumbutuka."

"Koma anesi eti? Ndi Chikhristu chawo chonsecho?"

"Chikhristu chimabereka?"

Anaseka pang'ono, wina n'kuwaletsa.

Kwathu kuno munthu akamwalira wosasiya mwana, amayi osambitsa mtembo amamuika khala kumsana asanamukulunge. Amatero kuti mzimu wake uzime ngati khalalo, usabwerere, ndipo dzina lake lisadzapatsidwe kwa mwana aliyense wa m'mbumba. Zimachitika m'nyumba, amuna osaona, akatekisi osadziwa. Ndinkazidziwa kuyambira ndili mtsikana. Koma sindinaganizepo kuti angazichite kwa a Donata.

Ndinakhala nthawi yaitali mwana ali pamiyendo. Mwana wa m'chikuta saonedwa ndi gulu. Amati anthu otentha angamudule, ndipo kumaliro ndiye kosayandikira n'komwe. Ndisaname, zimenezi ndinkaziopa, ndipo mpaka lero mantha ake sanathe onse. Ndinali nditataya kale mmodzi. Ndinayang'ananso pamimba pake pouma paja. Kenaka ndinamukulunga m'nsalu ziwiri, ndinamanga mchombo uja pangodya ya chilundu, ndinatsegula chitseko.

Kuwala kunandilasa m'maso. Kumwamba kunali mitambo yotuwa yopanda mvula, fumbi likuuluka pabwalo. Anthu anali atadzaza kale mpaka m'munda wa fodya wokololedwa. Ndinali ndisanaonepo anthu ochuluka chotero m'mudzi mwathu, ndipo ambiri anali amayi osawadziwa, ana ali kumsana, ena akuwakoka padzanja. Ena anali atanyamuka kwawo dzulo lake, mapazi ali mbuu. Enanso ankaoneka akutsika njira ya kudambo, mitolo ya nkhuni ndi timalichero ta ufa tili pamutu. Amayi ophika aja atandiona anasiya zonse. Wina anagwira pakamwa. Ndinayenda maso ali pansi mpaka pakhomo pa siwa.

M'katimo munali mdima ndi fungo la sopo. Anali atatha kuwasambitsa. Anawagoneka chammbali pamphasa yatsopano, atachepa ngati kamtsikana. Amayi aakulu anagwada kumsana kwawo, kanthu kokulunga m'kansanza kali m'manja.

"Iwe Sofiya! Wapenga kodi? Mwana wa m'chikuta pamaliro?"

"Mchombo wagwa, amayi. Ndabwera kudzawaonetsa."

"Kuonetsa ndani? Akuona ameneyu? Tuluka msanga!"

Ndinagwada pafupi nawo ngati ndikufuna kupepesa. Ndinatambasula dzanja n'kutenga kansanza kaja. Sanalimbe nako, chifukwa sanayembekeze. Ndinakalowetsa m'chilundu pachifuwa, pansi pa mwana. Amayi ena amene anali m'menemo anangoti kukamwa yasa.

Amayi aakulu anaseka kuseka kosakondwa.

"Makala ndi osowa kodi? Panjapo pali moto ungati? Sunga limenelo, ukaotche."

Anauza mayi wina kuti akatole lina. Ine ndinazungulira n'kukakhala pansi kumsana kwa a Donata, ntchafu yanga itagunda msana wawo. Unali wozizira ngati mwala wa pachitsime. Ndinaika mwana kubere.

"Mukaliika, muliika ine ndikuona," ndinatero. Mawu anga anatuluka aang'ono kwambiri, koma anamveka.

"Tamvera iwe," anatero amayi aakulu, tsopano motsitsa. "Ukuyesa ndimadana naye? Ndinamubereka kumsana ameneyu ali khanda. Koma mwana wanga wamkazi uja wakhala pabanja zaka zonsezi, mimba osaoneka. Ukufuna kuumaku kutsale m'mbumba muno? Kukagwera wakoyo udzalira ndi ndani?"

Ndinaona kuti maso awo ndi ofiira, ndipo ndinayang'ana manja awo, omwe aja anadula mchombo wa mwana wanga woyamba. Ndinawamvera chisoni. Koma sindinasunthe.

Mayi wotumidwa uja pobwerera anapeza pakhomo patatsekeka. Panali patakhala mayi wina wamtali wa kuesiteti ya fodya, mmodzi wa matenanti ochokera kummwera, amene ndinali ndisanalankhulepo naye. Anali atamva zonse ali pakhonde. Anakhala chopingasa pakhomopo, miyendo atatambasula, mwana akuyamwa. Kwathu kuno palibe amene amalumpha miyendo ya mayi woyamwitsa.

"Tapindani miyendo, mayi, ndidutse."

"Yachita dzanzi, achemwali. Ndayenda kuchokera kutali. Dikirani pang'ono ipole."

"Nanga mpaka liti?"

"Kaya. Miyendo yangayi ndi yamwano, simva."

Anayang'ana m'dzanja la mayi uja n'kufunsa mokweza kuti, "Kodi khalalo n'la chiyani? Mukufuna kusita?" Amayi a pakhonde anatembenuka onse. Mayi uja analiponya pansi n'kupukuta dzanja pachilundu.

Dzuwa litakwera pang'ono tinamva lole ikubuula panjira ya ngolo. Inali ya kumishoni. Inabweretsa akatekisi ndi anamwino, ena akuluakulu, ena atsikana ophunzira, onse atavala zoyera. Kwa iwowa mayi wa kuesiteti uja anapinda miyendo msanga. Analowa atanyamula diresi loyera la ntchito la a Donata ndi kachipewa kake, napempha mwaulemu kuti awaveke. Amayi aakulu sanakane. Namwino wamkulu, wa imvi, anandiona pamene ndinakhala, anaona mwana, anaonanso kuda kwa zala zanga. Anangoti, "Tione pamchombo." Nditamuvundukula anaitana atsikana aja kuti, "Bwerani muone. Izi ndi zimene mumawerenga zija." Anagwada mozungulira, mitu pamodzi, akuyang'ana pamimba pa mwana wanga pambali pa mtembo wa mphunzitsi wawo. Mmodzi anayamba kulira. Atatha kuwaveka sanatuluke. Anakhala pansi kuzungulira mphasa, ndipo panalibenso poti dzanja lingadutse.

Kenaka kunja kunamveka mawu a atsibweni, eni mbumba.

"Kodi m'menemo mukuchedwa ndi chiyani? Adzukulu atumiza mawu kuti manda atha kalekale."

Amayi aakulu anatuluka, ndipo ndinawamva akunong'ona. Atsibweni anafika pakhomo, osalowa.

"Sofiya."

"Wawa."

"Tuluka, upite kunyumba ndi mwanayo."

Chibadwire ndinali ndisanawayankhepo mawu ena koposa wawa.

"Ndituluka bokosi likakhomedwa, atsibweni."

Ndinamva mbuzi ikulira kudambo.

"Mwanayo akadwala usadzafike pakhomo panga."

"Ndamva, atsibweni."

Kenaka ndinamva mapazi awo akuchoka. Anali ndi alendo ochuluka pabwalo, ndipo sakanatha kukoka mayi wa khanda pamaso pa akatekisi.

Bokosi analowa nalo amuna anayi. Linapangidwa ndi chitseko cha nyumba ya a Donata ndi matabwa ena a kumishoni, ndipo wopanga anali amuna anga, amene anagwira ntchitoyo chiyambire dzulo lake. Atandiona anaima, nyundo ili m'manja. Ndinadikira kuti andikalipire. Sanandiyang'anenso. Anamwino ananyamula a Donata n'kuwagoneka m'bokosi, ine ndikuona msana wawo woyera wopanda kanthu mpaka utagona pansalu. Achibale atatha kuona nkhope, amuna anga anaika chivundikiro n'kuyamba kukhoma. Anakhoma misomali yonse imene anali nayo, ndi ija yomwe ankasungira chitseko chathu. Wina anati, "Yakwana, akamwini, sathawa." Iwo anakhomabe wina umodzi.

Nditaimirira miyendo inali itafa. Mayi wa kuesiteti uja ndiye anandigwira mkono.

Bokosi analiika pabwalo pamipando iwiri. Ine ndinakhala kumbuyo, pakhonde la nkhokwe, nditafunditsa mwana kumutu. Akatekisi anapemphera. Kenaka analankhula namwino wa imvi uja. Anati kabuku ka a Donata kakuwerengedwa m'zipatala zophunzitsa anamwino kummwera ndi kumpoto komwe, ndipo atsikana amene sanawaonepo nkhope amadula mchombo monga iwo analembera. Anati madokotala a kutsidya kwa malire anawerenga zimene zinasindikizidwa zija, nabwera kudzafunsa mmene anayendera m'midzi, kuti akachite chimodzimodzi kwawo. Anatinso dzina lija la Namichombo iwo ankalidziwa, ndipo ankaseka nalo, amvekere ndi dzina labwino kuposa la ubatizo. Anthu anaseka, ena mwamanyazi.

Omaliza anali atsibweni. Anathokoza mafumu, adzukulu ndi a kumishoni. Ananena kumene malemu anabadwira ndi mmene anadwalira. Tonse tinkadziwa chotsatira, chifukwa pamaliro aliwonse amanena ana amene munthu wasiya. Anakonza kukhosi. Pomwepo mwana wa mayi wa kuesiteti uja analira mokuwa. Ndinaona ndi maso anga akumutsina pantchafu. Mayi wa pambali pake anaona, nayenso anatsina wake. Zinayenda ngati moto wa lupsa. Ana analira kutsogolo, kumbuyo, m'munda wa fodya monse, ena otsinidwa, ena ongotengera anzawo. Atsibweni pakamwa pankayenda, koma palibe anamva chimene ananena. Anayesa kukweza mawu, mphepo n'kuwatenga. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anangoti, "Tiyeni tinyamule."

Wanga sindinamutsine. Anali m'tulo.

Ananyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Patsogolo panali mtanda, kenaka akatekisi, kenaka bokosi. Amuna ankalandirana paphewa, Akhristu ndi a kudambwe omwe, ngakhale a kudambwewo sankaimba nawo. Anamwino anayenda m'mizere iwiri, zovala zawo zitafiira ndi fumbi m'munsi. Pambuyo pawo panali amayi aja, mzere wautali umene mutu wake unafika kumanda mchira usanachoke m'mudzi. Ine ndinatsatira mpaka pamkuyu wa m'mphepete mwa dambo, ndipo ndinaima pomwepo. Kumanda sindinalowe ndi mwana. Chimene ndinatulukira m'nyumba chinali chitatheka. Ndili pamkuyupo ndinamva nyimbo ikubwera ndi mphepo, ikutha, ikubweranso, kenaka makasu. Pamenepo m'pamene ndinalira, chifukwa tsiku lonse ndinalibe mpata.

Pobwerera anthu anasamba m'manja, anadya, nayamba kubalalika kuti kusawadere. Lole inapita. Mayi wa kuesiteti uja anandipeza pakhomo panga akumanga mwana kumsana. Anandiuza kuti iyenso anataya awiri, nsagwada zitauma, a Donata asanafike kumisasa kwawo ndi mafunso awo aja. Ndinaiwala kumufunsa dzina. Amayi ena a m'mudzi podutsa ankayang'ana kumbali. Wina ananena mokweza, ngati akuuza mnzake, kuti ana a masiku ano aphunzira kulanda zinthu m'manja mwa akulu.

Madzulo m'mudzi munali bata. Kuseri kwa nyumba kunatsala mafuwa akuda ndi phulusa likuuluka. Kanyumba ka a Donata kanali kopanda chitseko, ndipo nkhuku zinkalowa ndi kutuluka. Njinga yawo inali itatsamira khoma, matayala ataphwa. Amuna anga anakhala pakhonde akuchotsa zitsotso za matabwa m'manja. Ine ndinali m'kati, ndikumvetsera kupuma kwa mwana. Akasiya kuyamwa pang'ono ndinkamugwira nsagwada kuti ndione ngati zikufewa.

Chisisira chitagwa ndinaona chithunzithunzi pakhomo. Anali amayi aakulu. Sanalowe, sanandipatse moni.

"Pauma?"

"Pauma, amayi."

"Mafinya?"

"Ayi."

Anaima pang'ono ngati ali ndi mawu ena, kenaka anapita.

Mwambo wake ngwakuti mchombo ukagwa, mzamba amabwera m'mawa kudzatulutsa mwana, kumusambitsa ndi kunena dzina limene akulu asankha. Kutacha Lachisanu ndinasesa m'nyumba n'kudikira. Dzuwa linafika pankhokwe, amayi aakulu osabwera. Pabwalo achibale anali atayamba kusonkhana kuti amete.

Ndinatuluka ndi mphika, ndinauteleka pamafuwa aja a amayi ophika, poonekera onse. Ndinasonkha moto. Ndinamasula kansanza kaja n'kuika khala la muwanga pakati pa nkhuni, ndipo ndinauzira mpaka linafiira lonse. Madzi atawira ndinawaphula kuti apole, ndinasamba m'manja, ndinakatenga mwana.

Atsibweni anali pabwalo, mutu atametedwa mbali imodzi. Anafunsa ali komweko kuti, "Kodi ukuchita chiyani pamenepo, Sofiya?"

"Ndikusambitsa Donata, atsibweni."